Nyumba ndi Mwini Nyumba: Mbiri ya Protoplasm

M'caka ca 1665 Robert Hooke wa ku England anadula kacidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo, nakaika pansi pa galasi lokuza zinthu. Anaona timabowo tambirimbiri tondandana monga zisa za njuci, naticha maselo, ndiko kunena tizipinda. Koma khungwalo linali lakufa kale. Cimene Hooke anaona cinali makoma okha, eni nyumba atacoka. Ndipo kwa zaka zambiri anthu ophunzira anasamala makomawo koposa za m'kati mwace.

M'caka ca 1835 Félix Dujardin wa ku France, poyang'ana tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi, anapeza kuti thupi lao ndilo cinthu conanda, conga coyera ca dzira, cimene ciyenda ndi kusanduka maonekedwe pa cokha. Hugo von Mohl wa ku Germany anaona cinthu cotero m'maselo a zomera, ndipo m'caka ca 1846 anacicha protoplasm, mau a Cigriki otanthauza coumbidwa coyamba. Potsiriza, m'caka ca 1861, Max Schultze anaonetsa kuti ca m'nyama ndi ca m'zomera ciri ca mtundu umodzi, ndi kuti selo ndilo kambulumwa ka protoplasm kokhala ndi kathumba pakati, kochedwa nucleus. Khoma likhoza kusowa, monga lisowa m'maselo a munthu, moyo nukhalapobe.

Ambiri a masiku aja anayesa protoplasm cinthu cimodzi cosasiyana, monga phala. Makina okuza zinthu ndi mphamvu ya magetsi, amene anayamba kuonetsa za m'selo m'caka ca 1945, anatsutsa ganizo limeneli. Magawo ngati 70 mwa 100 ali madzi ndithu, koma m'madzimo muli tiziwalo, kali konse ndi nchito yace. Mitochondria aturutsa mphamvu m'cakudya. Ribosomes, amene George Palade anawafotokoza m'caka ca 1955, amanga maprotini. Nucleus isunga DNA, malangizo amene mwana alandira kwa makolo. Cifukwa cace dzina la protoplasm silimvekanso kawirikawiri, ndipo zonse zozinga nucleus zichedwa cytoplasm.

Tsono mphunzitsi wojambula selo pa bolodi monga bokosi lopanda kanthu abwezera ana ace ku khungwa lakufa la 1665. Afulumire kulemba khoma, koma acedwe pa za m'kati, pakuti m'menemo ndimo selo lidya, lipuma, likula ndi kugawikana.