Hosi wa Tal amene anasokoneza holo ku Moscow

Ife amene timasewera chess pansi pa mtengo, m'makalabu a kusukulu kapena pafoni tili m'minibasi, timadziwa lamulo limodzi: woonerera atseke pakamwa. Koma mu Marichi 1960, mu holo ya Pushkin Theatre ku Moscow, anthu analephera kudzigwira. Phokoso linakula moti oyang'anira mpikisano anasamutsira gemu m'cipinda ca kumbuyo. Cimene cinautsa phokosolo ndi hosi mmodzi amene mnyamata wa zaka 23 anapereka dala kuti adyedwe.

Mnyamatayo anali Mikhail Tal wa ku Riga, m'dziko la Latvia. Tsidya lina la bodi kunali Mikhail Botvinnik, wa zaka 48, injiniya wa zamagetsi amene anayamba kukhala katswiri wa dziko lonse mu 1948. Botvinnik anali munthu wa dongosolo. Mdani aliyense anali kumuphunzira bwino asanakumane naye, ndipo pabodi sanali kukonda zongoyesa. Tal anali wosiyana kotheratu. Anapambana mpikisano wa Soviet Union mu 1957 ndi 1958, ndipo mu 1959 ku Yugoslavia anapeza mwai wolimbana ndi Botvinnik, atagonjetsa Bobby Fischer wacicepere magemu onse anai. Ena anali kunena kuti Tal amangoopseza anthu, ndipo akadzakumana ndi mdala wodekha, zonse zidzaonekera poyera.

Gemu yoyamba Tal anapambana. Magemu anai otsatira anafanana mphamvu. Mu gemu ya nambala 6, Botvinnik anali ndi zoyera, Tal zakuda, ndipo Tal anasankha ciyambi cochedwa King's Indian Defence.

Tiyeni tiime pa muvu ya 21, tione mmene bodi inalili. Marook onse awiri a Tal anali atandandalika pa mzere wa c. Mfumukazi yake inali pa b4, kuyang'ana pawn ya pa b2. Bishopu mmodzi anali pa f5 ndipo anali atangothamangitsa rook ya Botvinnik kucoka pa b1. Koma panali mabvuto awiri. Bishopu wa pa g7 anali wotsekeredwa ndi pawn yake yomwe ya pa e5, ndipo hosi anali kumphepete pa h5, opanda nchito. Botvinnik akanangokankha pawn kufika pa g4, ikanaloza hosi ndi bishopu nthawi imodzi.

Tal sanabweze hosi kumbuyo. Anamulumphitsa kufika pa f4, pakamwa penipeni pa pawn yoyera. Botvinnik anadya. Tal anabwezera ndi pawn ya pa e5, ndipo pompo njira ya bishopu wa pa g7 inatseguka kuyambira kona ina mpaka inzake. Hosi mmodzi anapita, koma zida zonse zotsala zinadzuka. Pawn yatsopano ya pa f4 inaloza bishopu woyera, mfumukazi inadya pa b2, marook anayamba kulemera pa mzere wa c.

Pa muvu ya 24 Tal anakankhanso pawn ija kufika pa f3, kuloza mfumukazi ndi bishopu pamodzi. Apa Botvinnik anaphonya. Anasankha kudya mfumukazi ya Tal, nayenso nkutaya yake, ndipo pawn yakuda inakakhala pa e2, sitepe imodzi cabe kuti isanduke mfumukazi. Kuyambira pamenepo Botvinnik anali kungozimitsa moto. Posakhalitsa anabweza cida cimene anadya cija, ndipo gemu inathera pa marook, Tal ali ndi pawn imodzi yoposa. Pawn ya pa mzere wa c itafika pa c3, mfumu ili pambali pake, Botvinnik anabvomera kugonja.

Nkhani ikanathera pomwepa, koma akatswiri atakhala pansi kupenda gemuyo anapeza kuti Botvinnik anali nazo njira zopulumukira. Pa muvu ya 23 akanayamba wasokoneza mfumukazi ya Tal ndi pawn ya pa a3. Pa muvu ya 25 akanadya pawn ya pa f3 ndi bishopu, ndipo zinthu zikanamuipira Tal. Masiku ano aliyense wa ife angaike gemuyi pa kompyuta kapena pafoni, ndipo m'masekondi ocepa idzaonetsa pamene aliyense analakwitsa.

Nanga ngati ndi tero, tikuyamikira ciani? Botvinnik analibe kompyuta pambali pake. Anali ndi wochi imene inali kuyenda, maola awiri ndi theka a mamuvu 40, ndi bodi imene mwadzidzidzi inadzaza ndi misampha kumbali zonse. Yankho lolondola linalipo, koma linali lobisika pakati pa mayankho ambiri ooneka abwino. Tal anadziwa kuti kuteteza kumafuna kuti upeze muvu yolondola nthawi iliyonse, pamene woukira angalakwitseko kamodzi koma moto wake nkupitiriza. Iye mwini m'buku lake la mpikisanowu anafotokoza kuti mamuvu ena onse pamalopo anali oipa, conco kupereka hosi kunali kotsatira mmene anasewerera kuyambira kumbuyo.

Apa mpamene ambiri a ife timasocera. Timamva dzina la Tal, ndiye pa muvu ya 8 tataya kale bishopu, marook akali m'makona, nkumati tikuukira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tal anatha mamuvu 20 akuika cida ciliconse pamalo pake, ndipo anapereka cida cokhaco cimene cinali kungokhala, kuti atsegulire njira zinzake.

Mpikisano unatha mu Meyi 1960, Tal ali ndi mapointi 12½, Botvinnik 8½. Tal anapambana magemu 6, analuza 2, ndipo anakhala katswiri wa dziko lonse wamng'ono koposa pa nthawiyo, mbiri imene Garry Kasparov anadzaiphwanya mu 1985 ali ndi zaka 22. Koma mdala uja sanagone. Anaphunzira kaseweredwe ka Tal, ndipo mu 1961 anabwezera ndi mapointi 13 kwa 8, Tal akubvutikanso ndi matenda a impso amene anamusautsa mpaka imfa yake mu 1992. Mpando anaukhala caka cimodzi cabe.

Ngati muli ndi bodi kunyumba, funani gemu ya nambala 6 ya 1960, muiseweretse pang'onopang'ono mpaka muvu ya 21. Zimitsani foni, khalani kumbali ya Botvinnik, mudye hosi uja, ndipo muyese kupeza nokha potulukira.