Lumo Lopinda: Mbiri ya Luso Lonola ndi Kumeta

Pakati pa zining'a za Chichewa pali china chimene munthu amachitchula akapusitsidwa pa malonda kapena akachitiridwa nkhanza. Amati, "Andimeta mpala wopanda madzi." Achinyamata ambiri amachidziwa chining'achi, koma ndi ochepa amene amamva ululu umene uli m'kati mwake, pakuti iwo akula m'nyengo ya makina ometera amagetsi amene safuna madzi kapena sopo. Amene adachipeka ankalidziwa lumo. Ankadziwa kuti tsitsi louma ndi lolimba, ndipo chitsulo chikadutsa pamutu wosanyowetsa chimazula m'malo modula. Wofuna kumvetsa bwino mawuwa ayenera kudziwa mbiri ya lumo, ndiponso maluso awiri amene mwini lumo ankayenera kuphunzira: kunola ndi kumeta.

Lumo la makolo

Azungu asadafike, amisiri a m'dera lino ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, n'kumasula makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi ndi malumo. Lumo linali kachitsulo kakang'ono kaphanthiphanthi, ndipo ankalinola pa mwala wosalala atathirapo madzi. Ngakhale linali laling'ono chotero, linkapezeka pa nthawi zonse zazikulu za moyo wa munthu. Khanda potuluka m'chikuta linkametedwa tsitsi lobadwa nalo. Namwali potsiriza chinamwali ankametedwa. Maliro akachitika, anamfedwa ankameta patapita masiku ochepa, ndipo ankadzametanso kachiwiri patapita miyezi, kusonyeza kuti kulira kwatha. Pa miyambo yonseyi munthu sankadzimeta yekha. Ankakhala pansi n'kupereka mutu wake m'manja mwa mnzake, ndipo wometayo ankasankhidwa chifukwa cha dzanja lofatsa.

Lumo lopinda, limene agogo ena adaliona m'manja mwa amishoni, atsamunda ndi abale obwera ku Joni ndi ku Halale, lili ndi mbiri yake ya ku Ulaya. Ndi mpeni wowongoka, wotalika pafupifupi mainchesi atatu, umene umapindikira m'chigwiriro chake ukatha ntchito.

Chitsulo cha ku Sheffield

Ku Ulaya nakonso, kwa zaka mazanamazana, mwamuna sankadzimeta yekha ndevu. Ankapita kwa mmisiri wometa kamodzi kapena kawiri pa mlungu. Mmisiri yemweyo, popeza ndiye anali ndi mipeni yakuthwa m'mudzi, ankazulanso mano, kutumbula zithupsa ndi kuchotsa magazi odwala. Mu 1540, Mfumu Henry VIII ya ku England idavomereza kuti ometa ndi ochita opaleshoni a mu London akhale m'bungwe limodzi, ndipo magulu awiriwa adadzasiyana mu 1745.

Chimene chidasintha lumo chinali chitsulo. Cha m'ma 1740, mkulu wina wokonza mawotchi dzina lake Benjamin Huntsman, amene ankakhala pafupi ndi mzinda wa Sheffield, adapeza njira yosungunulira chitsulo m'miphika yadongo yopirira moto waukulu. Chitsulo chotuluka m'miphikamo chinali chofanana paliponse, chopanda malo ofewa kapena zinyalala, motero chinkatha kunoledwa mopyapyala kwambiri osakumbudzuka. Poyamba amisiri a ku Sheffield adachikana ponena kuti n'cholimba mopambanitsa, ndipo Huntsman adayamba kuchigulitsa ku France. Ataona kuti mipeni ya Afalansa ikuwalanda msika, adachilandira.

M'zaka za m'ma 1800, malumo a makampani a ku Sheffield monga Joseph Rodgers & Sons ndi Wade & Butcher adafika m'maiko ambiri. Mizinda ya Solingen ku Germany ndi Thiers ku France idatchukanso ndi ntchito yomweyi. Amisiri adaphunzira kupala mbali ziwiri za lumo pa mwala wozungulira kuti zilowe m'kati ngati mphako, msana n'kutsala wonenepa, mbali yakuthwa n'kukhala yopyapyala ngati tsamba. Zigwiriro zinali za nyanga ya ng'ombe, fupa, mtengo, kapena mnyanga wa njovu. Minyanga yambiri inkachokera ku Africa, ina kudzera pa msika wa ku Zanzibar, umene unkalandiranso minyanga ya m'dera la Nyanja ya Malawi. Anthu olemera ankagula malumo asanu ndi awiri m'kabokosi kamodzi, lililonse lolembedwa dzina la tsiku lake la mlungu.

Kukongola kumeneku kunali ndi mtengo wake. Opala malumo ankagwira ntchito atawerama pa miyala, n'kumapuma fumbi la mwala ndi la chitsulo tsiku lonse. Fumbilo linkawononga mapapo, ndipo ambiri a iwo ankamwalira asadafike zaka 50.

Buku lophunzitsa kudzimeta

Malumo abwino atachuluka, magalasi oonera nkhope nawo atatsika mtengo, amuna adayamba kufuna kudzimeta okha. Zifukwa zinalipo. Mmisiri wometa ankagwiritsa ntchito lumo limodzi, burashi imodzi ndi nsalu imodzi pa nkhope zambiri, ndipo matenda apakhungu ankafala. Mu 1769, mmisiri wosula mipeni wa ku Paris, Jean-Jacques Perret, adasindikiza buku lotchedwa La Pogonotomie, lophunzitsa munthu kudzimeta yekha. M'bukumo adafotokoza za kusankha lumo, kulinola, kulisamala ndi kuliyendetsa pankhope. Iye yemweyo adapanga kachikuto kamtengo kovekera lumo kuti mbali yakuthwa ingotulukira pang'ono, nzeru imene adaitenga ku pulena ya kalipentala.

Komabe amuna ambiri sadaphunzire m'buku. Mnyamata ankaphunzira poonerera bambo wake. Wofuna kukhala mmisiri wometa ankayamba ali mwana, ntchito yake ikhale kusesa, kutenthetsa madzi ndi kupaka thovu pankhope za makasitomala, ndipo pankapita nthawi yaitali asadaloledwe kugwira lumo. M'sukulu zina zophunzitsa kumeta za m'zaka za m'ma 1900, wophunzira ankapatsidwa baluni yopaka thovu kuti aimete osaiphulitsa.

Luso loyamba: kunola

Phunziro loyamba linali lakuti lumo silinoledwa ngati chikwanje kapena mpeni wa kukhitchini. Ponola mpeni munthu amadzutsa msana wake, n'kuyesa ndi maso mmene aupendekere. Lumo limagonekedwa lonse pa mwala, msana ndi mbali yakuthwa zikhudze mwalawo nthawi imodzi. Kunenepa kwa msana ndiko kumasunga kapendekedwe koyenera, ndipo wosula adakuyeza kale. Wonola amakankha lumo mbali yakuthwa ili patsogolo, ngati akufuna kusenda kachikhungu ka mwalawo, ndipo amaliyendetsa mopingasa pang'ono kuti mpeni wonse, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, udutse pa mwala. Akafika kumapeto amalitembenuzira pamsana, n'kubwerera. Wotembenuzira kumbali yakuthwa amafafaniza ntchito yonse imene wagwira. Mbali zonse ziwiri zimalandira maulendo ofanana, ndipo pomaliza dzanja silikanikiza konse. Kulemera kwa lumo lenilenilo n'kokwanira.

Miyala inali yosiyanasiyana. Wotchuka kwambiri unali wachikasu, wotchedwa coticule, umene umakumbidwa pafupi ndi Vielsalm m'mapiri a Ardennes ku Belgium. M'kati mwake muli timiyala ting'onoting'ono tolimba ta mtundu wa garnet. Wonola amapaka kamwala kena pamwamba pake atathira madzi, mpaka madziwo ayere ngati mkaka, ndipo timiyala timene tamasuka m'madzimo ndi timene timadya chitsulo. Akamawonjezera madzi pang'onopang'ono, mwala womwewo umasiya kudya n'kuyamba kusalaza. Dera la Thuringia ku Germany linkatulutsanso miyala yosalala kwambiri yomalizira. Masiku ano kuli miyala yopangidwa m'fakitale yokhala ndi manambala: wonola amayamba ndi wa 1,000 pokonza mbali yakuthwa, kenaka wa 4,000, wa 8,000, mwinanso wa 12,000. Nambala ikamakula, mwala umakhala wosalala kwambiri.

Kunola pa mwala kunkachitika mwa apo ndi apo, mwina patapita miyezi. Cha tsiku ndi tsiku chinali lamba wachikopa. Mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala kotero kuti ndevu zimaipinda mosaoneka ndi maso. Chikopa chimaiwongola ndi kuisalaza. Apa malamulo amatembenuka: lamba amakokedwa kuti akungike, lumo limagonekedwa, koma msana ndiwo umatsogola, mbali yakuthwa n'kumatsatira. Wosokoneza malamulo awiriwa amadula lamba wake tsiku loyamba lomwe. Akamaliza, ena ankazula tsitsi limodzi, kuligwira kumapeto, n'kuligunditsa pa lumo. Likaduka lokha, lumo lakonzeka.

Ntchitoyi sinali yamasewera. Mu January 1842, John Thoreau, mkulu wake wa mlembi wa ku America Henry David Thoreau, adadzicheka chala pang'ono ponola lumo lake pa lamba. Bala linali laling'ono, koma lidabweretsa kafumbata, ndipo patangopita masiku ochepa adamwalira ali mnyamata, pakuti nthawi imeneyo kunalibe katemera wa matendawa.

Luso lachiwiri: kumeta

Phunziro la kumeta linkayamba ndi madzi. Ndevu zikanyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo zimafufuma n'kufewa, ndipo thovu la sopo limasunga chinyontho ndi kuterereza khungu. Wometa amagwira lumo ndi zala, osalifumbata. Dzanja linalo limakoka khungu kuti likungike, pakuti khungu lokwinyika ndi limene limachekeka. Msana wa lumo umadzuka pang'ono pakhungu, osapitirira madigiri 30. Ukadzuka kwambiri lumo limakanda ndi kutema. Ukagona kwambiri limangodutsa pamwamba pa ndevu.

Ulendo woyamba umatsata kumene ndevu zagonera. Wofuna kusalala kwambiri amapakanso thovu n'kumeta mopingasa. Lamulo lalikulu ndi lakuti lumo liyende molunjika kutsogolo. Likatsetsereka cham'mbali ngati mpeni wocheka nyama, magazi amatuluka nthawi yomweyo. Wophunzira ankayamba ndi tsaya lokha, pamene pali posalala, n'kudzafika pachibwano, pansi pa mphuno ndi pakhosi patapita masiku. Pomaliza lumo linkapukutidwa mpaka liume, chifukwa chitsulo chake chimachita dzimbiri msanga. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lumo linkalanga wopupuluma pomwepo, popanda kudikira bwalo.

Munthu amene adagulitsa kusanola

Anthu ambiri ankaopa lumo, koma chimene chinkawatopetsa kwambiri chinali kulinola. Mu 1880, abale a banja la Kampfe ku New York adatulutsa chometera chokhala ndi chotchinga, koma kampeni kake kankafunabe kunola. Amene adathetsa vutoli anali King Camp Gillette, wamalonda woyendayenda wa ku America. Bwana wake, William Painter, amene adapanga zitsekerero za mabotolo, adamulangiza kuti apange chinthu chimene munthu angachigwiritse ntchito, kuchitaya, n'kubweranso kudzagula china. Mu 1895 Gillette adaganiza za kachitsulo kopyapyala, kakuthwa konsekonse, kotsika mtengo kotero kuti kakabuntha kangotayidwa. Padapita zaka zingapo mpaka katswiri wa makina William Nickerson adapeza njira yokapangira. Kampani idakhazikitsidwa mu 1901. Mu 1903 idagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha, koma chaka chotsatira zometera zogulitsidwa zidapitirira 90,000.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idamaliza ntchitoyo. Asilikali ankayenera kumeta bwino kuti zophimba kumaso zowateteza ku mpweya wapoizoni zigwire khungu. Boma la America lidagula kwa Gillette zometera pafupifupi 3.5 miliyoni ndi malezala 32 miliyoni. Anyamatawo adabwerera kwawo atazolowera lezala, ndipo ana awo sadaonenso mwala wonolera. Mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword idatulutsa malezala osachita dzimbiri, ndipo mu 1975 kampani ya Bic idatulutsa chometera chapulasitiki chotayidwa chonse.

Lezala lidafikanso m'magolosale a m'midzi ya ku Malawi, ndipo lidalowa m'malo mwa lumo pometa maliro, potema mphini ndi podula mchombo. Mwambo wogwiritsa ntchito chitsulo chimodzi pa anthu ambiri udapitirira, kufikira matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, adaonetsa kuopsa kwake. Kuyambira pamenepo azaumoyo akhala akulangiza kuti munthu aliyense akhale ndi lezala lakelake, pakuti magazi otsalira pa chitsulo angathe kufalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Pa chifukwa chomwechi, ometa ambiri m'maiko osiyanasiyana amagwiritsa ntchito lumo looneka ngati lakale, koma lolowetsamo lezala latsopano kwa kasitomala aliyense.

Chimene chidatsala

Lumo lopinda silidatheretu. Ku Solingen ndi ku Thiers akulisulabe, miyala ya coticule ikukumbidwabe ku Belgium, ndipo pali anthu amene amagula malumo akale a ku Sheffield, kuwachotsa dzimbiri ndi kuwanolanso. Lumo losulidwa zaka 150 zapitazo, likasamalidwa, limameta ngati latsopano.

Palibe angatsutse kuti lezala lidathandiza: n'lotsika mtengo, silifuna maphunziro, ndipo lidateteza miyoyo pamene kubwerekana lumo kudasanduka ngozi. Koma lidachotsa phunziro lina m'nyumba. Mnyamata wa m'nyengo ya lumo ankaphunzira kuti chida chikabuntha chimafuna dzanja la mwini wake, ndipo kuti ntchito yabwino imayamba ndi kukonzekera kumene palibe amakuona: kunyowetsa mwala, kukunga lamba, kufewetsa ndevu. Ankaphunziranso kukhala phee pansi pa dzanja la mnzake, ndi kufatsa pamene mutu wa wina uli m'manja mwake. Mdzukulu amene angapeze lumo kapena mwala wonolera m'sutikesi ya agogo ake asafulumire kuzitaya. Afunse akuluakulu amene adakali moyo kuti zinkagwira bwanji ntchito, pakuti lumo lingathe kukhala zaka mazana awiri, koma manja amene ankalidziwa akutha.