Za Maina Amene Anatsala m'Makalata

Pa masiku a Jubile timakonda kuchula iwo amene anatitsogolera. Ife amene tinaphunzira m'sukulu za Misyoni tinaloweza kuti Dr. Robert Laws anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, nayamba kumanga pa Khondowe mu 1894. Ndi kuti Dr. Elmslie anatsegula Ekwendeni mu 1889. Izi nzoona, ndipo sitizicepsa ai. Koma za anthu akuda amene anasenza nchitoyo pamodzi nao tinamva pang'ono pokha, ndipo ifenso tinapereka kwa ana monga momwe tinalandirira.

Taonani William Koyi, Mxhosa wa ku Lovedale, amene anadza kuno mu 1876. Popeza cinenero cace cinali pafupi ndi Cingoni, iyeyu ndiye analankhula ndi Angoni a M'mbelwa pakamwa ndi pakamwa. Anakhala pa Njuyu kuyambira 1882, namwalira komweko mu 1886. Taonaninso Albert Namalambe, woyamba kubatizidwa, mu 1881, amene anasunga nchito ya ku Cape Maclear Azungu atacokako. Ndipo Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya anadzozedwa ubusa mu 1914, atalindira zaka zambiri. Kodi ana athu angati adziwa maina awa?

Mbiri yao siinatayike, koma inakhala patali. Makalata ambiri a Misyoni anaoloka nyanja, nasungidwa ku Edinburgh; ena ali ku Zomba, m'nyumba ya Boma yosungiramo zakale, imene inayamba mu 1947. Mnyamata wa ku Mzuzu akanaipeza kuti ndalama ya ulendo wotere? Tsono pepala liri ndi adani ace. Moto unatentha makalata a Boma ku Zomba mu 1919. Ndipo pa 18 December 2015 unanyeketsa nyumba ya mabuku ya Yunivesite ya Mzuzu, mabuku ngati 45,000 nasanduka phulusa usiku umodzi.

Koma tsopano yaoneka njira yina. Anthu ajambula makalata akale tsamba ndi tsamba, naika zithunzizo pa intaneti, kumene moto wa nyumba imodzi sungathe kuzitha. Kuyambira 2004 a British Library ku London athandiza nchito yotere m'maiko ambiri, ndipo kuno kwathu anathandiza kujambula makalata a mafumu a nthawi ya Atsamunda. Kotero mphunzitsi wa pa Yunivesite akhoza kutsegula kalata weniweni pa kompyuta pamaso pa ophunzira ace, nawafunsa kuti: Analemba ndani? Analembera yani? Nanga ndani amene sanachulidwe? Wophunzira amene wazolowera mafunso awa sangomeza za m'buku, koma ayamba kufufuza yekha dzina la womasulira, la wamtengatenga, la mphunzitsi wa m'mudzi.

Komatu makina ajambula cokhaco cimene cinalembedwa ndi kusungidwa. Amai amene anaphikira ana a sukulu, naphunzitsa anzao kuwerenga pansi pa mtengo, maina ao ambiri sali ku Edinburgh kapena ku Zomba. Ngati alipo, ali m'mabuku athu a ubatizo ndi a milandu ya mpingo, amene agona m'mabokosi ciswe cirikuwadya; ena ali m'mitima ya nkhalamba zathu zokha.

Cifukwa cace tikupemphani, inu akuru a mpingo ndi alaliki, tsegulani mabokosiwo caka cino. Mabukuwo muwaike pouma, ndipo mulole kuti ajambulidwe. Tumizani anyamata ndi asungwana kwa agogo, akalembe zimene akumbukira, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi caka. Paja mau a akuru akoma akagonera. Koma sangagonere ngati palibe wowasunga.