Mbendera

Mbendera ndi nsalu ya zizindikiro yomwe imakwezedwa pamtengo kuti anthu adziwe mwini malo. Liwuli ndi lobwera: Apwitikizi amati bandeira, Aswahili bendera. Panyanja mpamene idali ndi ntchito yaikulu, poti amalinyero ankazindikira nayo chombo cha adani chidakali kutali. Ya ku Denmark, yofiira ya mtanda woyera, eni ake amati idagwa kuchokera kumwamba pankhondo mu 1219.

Kuno kwathu, ku Ndirande ndi ku Bangwe, mbendera zochuluka ndi za zipani, zomangidwa kunsungwi pamwamba pa mtengo wa mango, ndipo nthawi ya kampeni anyamata amatsitsirana usiku. Timu ya mpira ya Bullets ikamakumana ndi ya Wanderers, zofiira ndi zabuluu zimadzaza m'maminibasi. Ya dziko lino, ya dzuwa lotuluka, idakwezedwa mu 1964, idasinthidwa mu 2010, n'kubwezeretsedwa mu 2012.