Nyengo yozizira ku Ngabu: kudziteteza ku mphepo ndi kulimbikitsana

Munthu wa ku Blantyre kapena ku Dedza akamva kuti ku Ngabu kwazizira amaseka, chifukwa dera lathu limadziwika ndi kutentha. M'miyezi ya October ndi November kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo ambiri timagona panja. Koma kutentha komweku ndi kumene kumatichititsa kuti tisakonzekere chisanu. Nyumba zathu tinamanga kuti zizilowetsa mphepo, makomo ambiri ali ndi bulangete limodzi kapena awiri, ndipo juzi ndi chovala chimene timachikumbuka tsiku limene tayamba kunjenjemera. Nkhani ino ikufotokoza za nyengoyi, anthu amene imawavuta kwambiri, ndi zimene tingachite.

Nyengoyi ndi yotani kuno kuchigwa

Kuzizira kumayamba mu May, kumafika pachimake mu June ndi July, ndipo kumatha cha mu August. Masana dzuwa limawala ndithu, koma usiku ndi m'bandakucha masiku ena kumatsika pansi pa madigiri 15. Kwa thupi lozolowera ng'anjo ya Chigwa cha Shire, kumeneko ndi kuzizira kwenikweni.

Mphepo imene imabweretsa kuziziraku imachokera kummwera chakuvuma, kunyanja ya mchere ya Indian Ocean. Anthu a kunyanja ya Malawi amaitcha mwera. Ikabwera ndi chinyontho imadzetsa mitambo ndi mvula yowaza ya chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chiperoni chimavuta kwambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, koma nafenso chimatipeza, dzuwa osaoneka masiku awiri kapena atatu. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi mphepoyi ikamayandikira, ndiye ndi bwino kumamvetsera.

Usiku nawo umatalika. Cha pa 21 June masana amakhala maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene mu December amafika maola 13. Dzuwa limatuluka 6 koloko itangodutsa ndipo limalowa 5 koloko itangopitirira.

Amene amavutika kwambiri

Oyamba ndi makanda, makamaka obadwa masiku osakwana, chifukwa thupi lawo limataya kutentha msanga. Kenako agogo athu, odwala mphumu, odwala TB ndi ena amene thupi lawo ndi lofooka. Palinso amene ntchito yawo imawadzutsa usiku: alonda, anyamata a kabaza pa msewu wa M1, asodzi a ku dambo la Elephant Marsh, odula nzimbe ku Nchalo, abusa a ng'ombe, amayi olawirira kumjigo kapena kudimba, ndi ana opita kusukulu atangovala yunifolomu yopyapyala.

Tisaiwalenso mabanja amene anataya katundu pa madzi osefukira. Chikwawa ndi Nsanje zinakhudzidwa kwambiri mu January 2015, mu March 2019, pa namondwe Ana mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023. Madzi akatenga nyumba amatenganso zofunda, ndipo banja likamayambiranso limayamba ndi chakudya ndi denga. Bulangete limabwera pamapeto.

Kufunditsa thupi ndi nyumba

Zovala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zovalidwa mophatikiza zimafunditsa kuposa chimodzi chokhuthala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umasunga kutentha. Mutu, khosi ndi mapazi tisazisiye pamtunda. Chipewa, mpango ndi masokosi a pakaunjika ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala. Chovala chonyowa, kaya ndi mame, thukuta kapena madzi a kudambo, chivulidwe msanga.

Wogona pansi amazizidwa kuchokera pansi. Tisanayale mphasa tiyambe tayala masaka, makatoni kapena udzu wouma. Mipata ya pansi pa chitseko ndi m'mazenera titseke ndi nsanza madzulo, koma masana titsekule kuti dzuwa ndi mpweya zilowe, ndipo zofunda tiziyanike padzuwa. Neti isachotsedwe poti kwazizira. Pafupi ndi Shire ndi madambo udzudzu sutha, ndipo malungo salabadira nyengo.

Khanda livekedwe chipewa ndi masokosi. Lobadwa lochepa thupi ligonekedwe pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, n'kufunditsidwa pamodzi, monga amaphunzitsira anamwino. Ana asambitsidwe masana ndi madzi ofunda, osati m'mamawa.

Chakudya chotentha chimathandiza: phala lothira nsinjiro, mbatata yowotcha, tiyi wa jinja ndi ndimu. Ino ndi nyengonso ya malambe ndi masau, zipatso zimene tili nazo zambiri kuno ndipo zimapereka vitamini C. Ngakhale ludzu silimveka kwenikweni, madzi tizimwabe.

Ngozi ya mbaula ndi moto

Apa ndi pofunika kumvetsetsa, chifukwa anthu amafa. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo sutsamwitsa ngati utsi. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo ngati ali m'tulo sadzukanso. Banja lonse likhoza kuthera m'chipinda chimodzi usiku umodzi.

Choncho mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala akuoneka ngati azilala. Tiwothe panja kapena pakhonde, ndipo pokagona tizimitse. Tikapeza munthu wafooka m'chipinda momwe muli mbaula, titsekule zitseko, timutulutse panja, tithamange naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Moto wa nkhuni nawo umatentha ana okwawa ndi anthu odwala khunyu, ndipo mphepo ya July sichedwa kuulutsira mphaliwali padenga la udzu. M'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya nyumba ina imene inapsa usiku ku Madinah, ndipo Mtumiki (swalla Allahu alaih wasallam) atamva analamula kuti moto uzizimitsidwa pokagona. Kuzimitsa mbaula ndi Sunnah, komanso ndi kupulumutsa moyo.

Zizindikiro zofuna chipatala

Chimfine wamba chimatha chokha m'masiku owerengeka. Chibayo sichitero. Mwana wotsokomola amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati popuma, akukana kuyamwa kapena wangoti lefu, apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Achipatala amati mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akupuma mofulumira akafika ka 50 pa mphindi imodzi, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika ka 40. Katemera woteteza ku mtundu wina wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011 ndipo ndi waulere kusikelo. Wamkulu amene watsokomola masabata awiri akayezetse makhololo. Wodwala mphumu asunge mankhwala ake pafupi ndipo apewe utsi ndi fumbi.

Twahara ndi Swala m'nyengo yozizira

Nthawi ya Fajr imalowa 5 koloko isanakwane, kuzizira kuli pachimake. Hadith ya mu Muslim imaphunzitsa kuti kupanga wudhu mokwanira pa nthawi yovuta ndi china mwa zinthu zimene Allah amafutira machimo. Koma izi sizikutanthauza kudzizunza dala. Kufunditsa madzi ndi kololedwa, ndipo ndi bwino kuwasungira agogo ndi odwala madzi ofunda m'fulasiki kuyambira usiku.

Amene wavala ma khuff ali ndi wudhu akhoza kungopaka pamwamba pake ndi manja onyowa m'malo mosambitsa mapazi, kwa usana ndi usiku umodzi ngati ali pamudzi, ndi masiku atatu ngati ali paulendo. Pa masokosi wamba ma Ulama amasiyana maganizo, ndiye tifunse Sheikh wathu. Ndipo ngati madzi ozizira angadwalitse munthu kapena kuonjezera matenda ake, popanda njira yowafunditsira, tayammum imaloledwa. Swahaba Amr ibn al-As (radhia Allahu anhu) anapanga tayammum usiku wina wozizira kwambiri pa ulendo wa Dhat al-Salasil poopa kuti akasamba afa, ndipo Mtumiki atamva sanamudzudzule.

Masana aafupi ndi opanda ludzu ndi mwayi kwa amene ali ndi ngongole ya masiku a Ramadhan kapena ofuna kusala Lolemba ndi Lachinayi. Amene tinasala Ramadhan ya 2015 ndi 2016, imene inagwa mu June ndi July, tikukumbukira kupepuka kwake poyerekeza ndi kusala m'chilimwe cha kuno.

Kulimbikitsana

Kuzizira kumatsekera anthu m'nyumba. Gogo amene amacheza pansi pa mtengo mpaka usiku tsopano amalowa dzuwa likangolowa, n'kukhala yekha maola ambiri ndi maganizo ake. Wamasiye ndi amene anataya abale pa madzi osefukira amaumva kwambiri usiku wautaliwu. Mankhwala oyamba ndi anthu. Tikaona m'bale wasowa ku Jamaa masiku awiri, tikamuone kwawo, osangoganiza kuti ndi ulesi. Mwina akudwala, mwina alibe chofunda chotulukira m'mamawa ndipo akuchita manyazi kunena.

Madzulo tiwothere limodzi, ana amve nthano za agogo ndi mbiri za Aneneri, abwereze zimene aphunzira kumadrasa. Masana tisadzitsekere. Kuwothera dzuwa, kuyenda ndi kugwira ntchito kudimba zimatsitsimula mtima. Koma munthu akakhala wokhumudwa masabata awiri kapena kuposa, osadya, osagona, kapena akulankhula zodzipha, amenewo ndi matenda. Timupempherere, timumvetsere, ndipo timuperekeze kuchipatala.

Tiwaimbirenso foni abale athu a ku Joni. Kumeneko June ndi July ndi wowawa kuposa kuno, moti mu July 2023 ku Johannesburg kunagwa chipale. Ambiri amagona m'tizipinda ta malata, ndipo chenjezo la mbaula likuwakhudza iwonso.

Sadaka ya nyengo ino ndi yodziwikiratu: bulangete, juzi imene yatichepera, masokosi, mtolo wa nkhuni, kapu ya phala. Komiti ya mzikiti ikhoza kulemba maina a okalamba, amasiye ndi odwala a m'mudzi mu April kapena May, kuti chisanu chikamafika zofunda zikhale zitaperekedwa. Popereka tisasankhe chipembedzo, pakuti woyandikana naye nyumba ali ndi ufulu wake pa ife, kaya ndi Msilamu kapena ayi. Ndipo tipereke mwakachetechete, mosachititsa munthu manyazi. Akuluakulu anati kupatsa ndi kuika.

Mu Surah An-Nahl, ndime 5, Allah akutikumbutsa kuti zofunda zimene timapeza kuchokera ku ziweto ndi mtendere wochokera kwa Iye. Amene tili ndi mabulangete awiri tiyang'ane khomo loyandikana nalo tisanagone usiku uno. Tikupempha Allah achize odwala athu, ateteze ana ndi agogo athu, ndipo atifikitse mu September tili amoyo ndi athanzi. Ameen.