Nkhokwe Imene Inakana Kudzala

Nyumba ya mabuku ya ku Washington, yochedwa Library of Congress, inakhazikitsidwa m'caka ca 1800 kuti aphungu a dziko la Amereka aziwerengamo. Mu 1814 asilikari a Angerezi anaitentha, ndipo caka cotsatira Boma linagula mabuku 6,487 kwa Thomas Jefferson kuti nkhokweyo iyambenso. Nchito ya osunga mabuku inali yodziwika kwa onse: kulandira buku, kulilemba m'kaundula, ndi kuliika pamene munthu wolifuna angalipeze.

Tsono m'mwezi wa April 2010 kunacitika cinthu cacilendo. Kampani ya Twitter, imene inasintha dzina nikhala X mu 2023, inapereka kwa nyumbayi timau tonse timene anthu analemba poyera kuyambira mu 2006. Akulu-akulu analandira mokondwa, pakuti anati wolemba mbiri wa m'tsogolo adzamva zimene anthu wamba anali kunena pa masiku a masankho ndi a zivomezi, mau amene kale anali kuthera pa bwalo ndi pa msika, osalembedwa ndi munthu. Maganizo amenewa ine ndiwayesa olungama ndithu.

Koma taonani kumene kunafika nkhaniyi. Pofika mu January 2013 timau tosungidwato tinakwana mabiliyoni 170, ndipo tsiku liri lonse tinali kuonjezeka pafupi-fupi theka la biliyoni. Kalaliki ali yense adziwa kuti kalata yoponyedwa m'kabati popanda nambala iri cimodzi-modzi ndi kalata yotayika. Osunga mabuku anapeza kuti kufuna-funa mau amodzi okha m'timau ta zaka zoyambirirazo kukanatha usiku ndi usana wathunthu. Ndiponso iwo anali kulandira mau okha-okha, pamene anthu anali atayamba kulankhulana ndi zithunzi, kotero kuti zambiri zofikazo zinali ngati mankhusu opanda cimanga.

M'mwezi wa December 2017 nyumbayi inalengeza kuti kuyambira pa 1 January 2018 idzasunga timau tosankhidwa tokha, monga ta masankho ndi nkhani zazikuru za dziko. Motero osunga mabuku anabwerera ku udindo wao wakale wosankha coyenera kusungidwa. Timau ta zaka za 2006 mpaka 2017 sanatitaye ai, koma pa tsiku lolengezalo nkhokweyo inali ikali yotseka, ndipo ophunzira amene anapempha kulowamo anali asanaloledwe.