Mbiri ya Ntchito ya Chartered Accountant: Khomo Lomwe Linatseguka Pang'onopang'ono

Dzina lakuti chartered accountant linabadwira ku Scotland. M'chaka cha 1854 bungwe la akatswiri owerengera ndalama mumzinda wa Edinburgh linalandira chikalata chachifumu cholivomereza, ndipo anzawo a ku Glasgow analandira chawo mu 1855. Ku England bungwe la ICAEW linakhazikitsidwa mu 1880. Masiku amenewo makampani a njanji ndi mafakitale ankachuluka, ena n'kumagwa ndi chuma cha anthu, choncho panafunika anthu okhulupirika oti aziunika mabuku a ndalama.

Kuyambira pachiyambi, kukhoza mayeso kokha sikunali kokwanira. Ku England mnyamata ankasaina pangano lotchedwa articles, lomwe linkamumanga zaka zisanu pansi pa katswiri mmodzi. Masana ankalondoloza mabuku a eni malonda, usiku n'kumawerengera mayeso. Luso linkachokera pamenepo, koma tsankho linabisalanso pomwepo. Makolo ankayenera kulipira katswiriyo ndalama zolowera, nthawi zina mapaundi mazana angapo, pamene mwanayo ankalandira kochepa kapena osalandira kanthu. Mwana wa mmphawi, angakhale wanzeru chotani, ankathera pakhomo.

Mu 1904 anthu asanu ndi atatu anayambitsa London Association of Accountants, lomwe lero ndi ACCA, kuti munthu wodziwa ntchito alowe ngakhale sanadutse m'pangano lodulalo. Bungweli linalandira mayi woyamba, Ethel Ayres Purdie, mu 1909. ICAEW inadikira mpaka lamulo la 1919 litaletsa kusala amayi, ndipo Mary Harris Smith analoledwa mu 1920 ali ndi zaka zoposa 70.

Kwa anthu akuda ulendo unatalika koposa. Akintola Williams wa ku Nigeria anamaliza maphunzirowa ku England mu 1949, ndipo mu 1952 anatsegula kampani yake ku Lagos. Ku South Africa kunalibe chartered accountant wakuda kufikira Wiseman Nkuhlu mu 1976, ndipo mayi woyamba wakuda, Nonkululeko Gobodo, anatsatira mu 1987. Kumeneko chopinga sichinali mayeso okha ayi: pansi pa ulamuliro watsankho, makampani olola kuphunzitsa munthu wakuda anali owerengeka.

Ndalama zolowera zija zinatha kalekale, ndipo wophunzira wa lero amalandira malipiro. Koma mizati iwiri ija, mayeso ndi ntchito, idakalipo. ICAEW imafuna zaka zosachepera zitatu za pangano la maphunziro pakampani yovomerezeka, ndipo ACCA imafuna miyezi 36 ya ntchito yotsimikizidwa ndi woyang'anira. Inu makolo amene ana anu akulakalaka ntchitoyi, dziwani kuti kupeza malo ophunzirirapo ntchito n'kofunika mofanana ndi kukhoza mayeso. Ayambe kufunafuna malowo akadali pasukulu, pakuti apo m'pamene mibadwo yambiri inatsekeredwa kunja.